Dzina la pa Mkanda wa Mbalame

Tsiku limene eni ake a gemu ina ya pa intaneti analetsa kuuluka, anthu analira ngati pagwa maliro. Dzulo lake aliyense anali ndi mbalame yake, akudutsa pamwamba pa mapiri ndi mitsinje ngati bwana. Kutacha anapeza mbalame zonse zitamangidwa mapiko, ndipo pa sikirini panali chidziwitso chachifupi: wofuna kuulukanso ayambe wagwira ntchito makumi asanu ndi limodzi za pansi, akuyenda ndi miyendo, kuti aone kukongola kwa dziko latsopano.

"Kukongola kwa matope," analemba wina pa macheza a gulu.

"Mbalame ndinaivutikira miyezi itatu, lero ndiziiweta ngati nkhuku?"

"Njira ya mphindi ziwiri yasanduka theka la ola. Afisi a m'chigwa andidya kanayi chiyambire m'mawa."

Namzeze anawerenga zonsezi osayankha. Dzinali linali la m'gemu, koma linamukakamira mpaka anzake a kuntchito ankamuitana choncho. Ankasoka makatani m'shopu ina m'tauni, ndipo za makataniwo tisatayepo nthawi, nsalu ndi nsalu basi. Chimene chinamuwawa iye sichinali matope kapena afisi. Pamwamba pa phiri lalitali m'gemumo panali nsanja yakugwa, yopanda njira ya pansi. Ndi pamene anakumana ndi Kabawi chaka chatha, mbalame ya mnyamatayo itakodwa pakhoma, iye akuiseka. Kuyambira pamenepo ankakhala pansanjapo madzulo aliwonse, miyendo ili lendelende, akucheza. Patapita miyezi inayi anatulukira kuti amakhala mzinda umodzi, n'kukumana maso ndi maso pa benchi ya pa siteji ya basi. Kabawi anali wokonza mafiriji, wamtali, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu akuchita kuwatola pansi.

Tsopano nsanja ija inali kutali ngati mwezi.

"Tiyenda limodzi," anatero Kabawi tsiku lomwelo. "Ntchito iliyonse imadya ola. Tikamagwira ziwiri madzulo aliwonse, mwezi umodzi tamaliza. Pasakhale wotsogola."

"Ukanama?"

"Afisi andidye kakhumi. Komanso wamva za chishalo? Wopeza chilolezo chouluka akumupatsa chishalo cha anthu awiri, ndipo dzina la munthu woyamba kumunyamula likulembedwa pa mkanda wa mbalame. Silifufutika. Pa mkanda wanga padzakhala iwe."

Namzeze anaseka, n'kunena kuti ndi zachibwana. Koma anazisunga mumtima.

* * *

Bambo ake a Namzeze anali mphunzitsi wopuma ntchito. Geti ankakhoma 6 koloko, kiyi n'kuika m'thumba la malaya. Tsiku lina mwana wawo anawapeza atavala magalasi kunsonga kwa mphuno, akuwerenga mauthenga a m'foni mwake ngati akuchonga mayeso. Kuyambira pamenepo zinsinsi zake zonse anazisamutsira m'gemu, poti manong'onong'o a anthu awiri m'menemo amafufutika munthu akangotuluka.

M'gemumo munalinso chimunthu chamwala chimene chimaima pa msewu wa kuphiri, n'kumafunsa wodutsa aliyense mafunso atatu. Wolephera chimamuponya kumene wachokera. Dzina lake linali Chimlonda cha Pachipata. Namzeze sanachedwe kuwapatsa bambo ake dzina lomwelo, koma ponong'ona ndi Kabawi pokha.

Amene ankamumenyera nkhondo m'nyumbamo anali azakhali ake, mlongo wa bambowo, amene anabwera kudzakhala nawo mayi atamwalira. Anawanyengerera achimwene awo miyezi itatu mpaka anavomera kuti mnyamatayo abwere Lamlungu masana adzamuone.

"Ndavomera kumuona," anatero bambo ali patebulo Lachiwiri madzulo. "Sindinavomere china chilichonse. Mwamuna wa zaka makumi atatu woseweretsa tizidole ta pa foni, amenewo ndiye mkamwini?"

"Achimwene, nanga inu?" 

Azakhali anaika kapu pansi. "Inu munkasewera makadi mpaka mlamu wanga kukukokani khutu. Mwaiwala?"

"Makadi tinkaonana nkhope. Awa sadziwa n'komwe amene akulankhula naye. Kuseri kwa kagalasiko kungakhale aliyense."

"Ine ndimamudziwa, bambo," anatero Namzeze.

"Tiona Lamlungu. Akadzangondinamiza kamodzi, geti ndi lomwelo."

* * *

Sabata yathayo Kabawi anali atayamba kuonekera m'gemu masana. Namzeze ankapuma ola limodzi, n'kukhala pa masitepe a kuseri kwa shopu, foni m'manja, ndipo tsiku lina anangoona dzina la Kabawi layaka.

"Lero mafiriji onse achira?" anamufunsa.

"Ntchito yachepa," anayankha. "Ndikungotola zitsamba."

Poyamba anakondwa. Ola la masana linasanduka lokoma kuposa madzulo, chifukwa Kabawi wa masana ankamvetsera. Ankafunsa mafunso. Bambo ako amadziwa chiyani za ine? Lachitatu umawauza kuti uli kuti tikakhala pa benchi paja? Akakana Lamlungu, udzatani? Namzeze ankayankha zonse. Anamuuza kuti Lachitatu amanamizira kukayeza mawindo a makasitomala. Anamuuzanso chinthu chimene sanauze ngakhale azakhali: kuti anatsegula kabokosi kachitsulo ka bambo ake, n'kuchotsamo mapepala ake a kubadwa, kuti Chimlonda chikakana adzangopita awiri ku ofesi yolembetsa maukwati.

Yankho linachedwa kubwera tsiku limenelo. Kenako linafika lalifupi: "Wachita bwino. Wawabisa pati?"

Koma panali tizinthu timene tinkamukanda mumtima. Kabawi wa madzulo akafika pa mlatho ankaima, n'kunena kuti, "Akazi patsogolo, ng'ona zikhute kaye." Sanaphonyepo ngakhale kamodzi. Kabawi wa masana ankawoloka yekha osatembenuka. Wa madzulo ankayenda mwaulemu ngati akupita kukapempha ntchito, wa masana ankangodumphadumpha njira yonse ngati wapondera moto. Ndipo Lachiwiri masana anafunsa kuti, "Kuti ndisasochere Lamlungu, nyumba yanu ndi iti kwenikweni?"

"Iwe, si uja umandiperekeza mpaka pakona? Geti lobiriwira loyang'anizana ndi thanki ya madzi."

"Ndimafuna kutsimikiza basi."

Namzeze anadziuza kuti munthu akamaopa apongozi amaiwala ngakhale dzina lake. Anazisiya.

Lachinayi linali tsiku lakhumi ndi chiwiri chiletsereni kuuluka. Awiriwo anali atagwira ntchito makumi awiri ndi ziwiri. Masanawo Kabawi anayaka koma sanayankhe moni. Namzeze anali pakati pa dambo, matope m'mawondo, akuthamangitsidwa ndi afisi awiri, pamene mthunzi waukulu unadutsa pa sikirini. Anakweza maso. Mbalame yotuwa, ya mchira woyera, phiko lamanzere lili ndi chipsera. Ankaidziwa ngati chikhatho chake.

Pamsana pake panali anthu awiri.

Macheza a gulu anaphulika.

"Kabawi akuuluka! Kabawi akuuluka, anthu inu!"

"Masiku khumi ndi awiri? Ameneyu sagona, kapena ntchito anamuchotsa."

"Wanyamula ndani? Namzeze, ndiwe?"

"Namzeze ndikumuona apa ali m'matope ngati ife tomwe."

Anadina pa mbalameyo. Mkanda unaonekera, ndipo pamkandapo, m'zilembo zagolide, panali dzina: Gulugufe. Mbalame inazungulira dambo kawiri, motsika, ngati ikufuna kuti aliyense aione bwino, kenako inalunjika kuphiri, kunsanja ija. Afisi anamupeza Namzeze ataima chilili, ndipo anawasiya amudye.

* * *

Madzulo amenewo sanalowe m'gemu. Foni inalira kasanu, iye akuiyang'ana ngati njoka. Mauthenga anabwera atatu. Woyamba unati, "Uli kuti? Ndikukudikira pa mlatho." Wachiwiri unati, "Ndaona zimene zachitika. Si mmene ukuganizira." Wachitatu unati, "Chonde."

Azakhali anamupeza kukhitchini akutsuka mbale imodzi kachitatu.

"Mbaleyo yalakwa chiyani?"

Namzeze anawafotokozera. Zinatenga nthawi, chifukwa azakhali ankafuna kumvetsa kaye chifukwa chimene mbalame yabodza ingamangidwire mapiko.

"Ndiye eni akewo amakupatsani mbalame, n'kukulandaninso, inu n'kumayendabe m'matope awo tsiku ndi tsiku mukutukwana? Bwanji osangosiya?"

"Simungamvetse, azakhali."

"Ndinakhala pabanja zaka makumi awiri ndi zinayi, ndikumvetsa bwino lomwe. Pitiriza."

Atamva za mkanda anasiya nthabwala. Anapukuta manja, n'kutseka chitseko cha kukhitchini kuti achimwene awo asamve.

"Tiye tiwerenge ngati anthu akulu. Madzulo amakhala ndi iwe. Masana akuti amakonza mafiriji. Ntchito pafupifupi makumi anayi zotsalazo wazigwira nthawi yanji?"

"Ndi zimene zikundizunguza. Mwina ntchito inatha kalekale, amangondinamiza. Mwina masana onse amakhala ndi Gulugufeyo, ine n'kumandipatsa kaola kamodzi ngati nyenyeswa."

"Gulugufeyo ndani?"

"Sindikumudziwa. Analowa m'gulu mwathu mwezi watha, salankhula ndi munthu."

"Wosalankhula ndi munthu amakhala akumvetsera," anatero azakhali. "Tamvera, mwana wa achimwene. Ine ndagwada miyezi itatu chifukwa cha Lamlungu limeneli, mawondo anga si achitsulo. Ngati mnyamatayo ndi wabodza, ndiuze mawa ndikawauze bambo ako kuti asavutike kusita malaya. Koma usamuweruze pa kagalasi. Pita kuntchito kwake, osamuuza kuti ukubwera, ukamuone m'maso. Maso alibe pasiwedi."

* * *

Lachisanu masana anakwera basi mpaka ku shopu ya mafiriji. Anali asanalowemo chiyambire, Kabawi ankati bwana wake sakonda alendo. Munali fungo la girisi, mafiriji akufa atafola kukhoma, zitseko zili pululu. Pa kauntala panali kompyuta yakale, ndipo kuseri kwake kunakhala mtsikana wa zikhadabo zazitali zofiira, akutafuna chingamu.

Mtsikanayo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, osafulumira.

"Ndinu a makatani," anatero. Silinali funso.

"Tinaonanapo?"

"Ayi. Ndangoona ulusi pa siketi yanu. Mukufuna amisiri? Ali kuseri. Koma lero atopa, musawavutitse ndi mafunso ambiri."

Anatembenuza foni yake n'kuiika chafufumimba pa kauntala. Kumsana kwa foniyo kunali chomata cha gulugufe wamapiko a buluu. Namzeze anachiona, mtsikanayo anaona kuti wachiona, ndipo anamwetulira pang'ono.

Kabawi anatulukira ali mu ovolosi, manja akuda bii. Ataona Namzeze anaima ngati wagundidwa ndi chitseko. Ntchito ndiye inalipo, bodza limenelo linagwa lokha. Anatuluka naye panja, n'kukaima pamthunzi wa khoma, pafupi ndi firiji yakale imene ankasungiramo zitsulo.

"Ndi ameneyo?" anafunsa Namzeze.

"Ndi mwana wa abwana. Tandilola ndifotokoze."

"Fotokoza, ndipo ufulumire. Ndili ndi mphindi makumi awiri."

"Ndimafuna kukudzidzimutsa. Ndimafuna Loweruka madzulo, tisanakaonane ndi bambo ako, ndikunyamule tikakhale pansanja paja. Unkadandaula tsiku lililonse kuti matope akutopetsa, kuti wasowa malo athu. Ndinaona kuti mwezi ndi wautali."

"Tinapangana kuti pasakhale wotsogola."

"Ndikudziwa."

"Ndiye unamunyamula bwanji iyeyo? Anagwera yekha pachishalo?"

"Sindinamunyamule ine. Dzulo masana ndinali kutsidya la mzinda, mutu uli m'firiji ya ku butchala. Funsa aliyense."

"Usandiyese mwana. Mbalame yako ndinaiona ndi maso angawa."

Kabawi anapukuta manja pa ovolosi, ngakhale sizinathandize kanthu. "Ndinamupatsa pasiwedi yanga. Amakhala pa kauntala tsiku lonse, kompyuta ili pamphuno, makasitomala awiri kapena atatu basi. Anandimva ndikudandaula za chilolezocho, n'kunena kuti akhoza kumandigwirira ntchitozo masana. Ndinamuuza kuti akamaliza asakhudze mbalame. Dzulo wamaliza, n'kulowetsa Kabawi pa kompyuta, Gulugufe pa foni yake, n'kudzinyamula yekha. Akuti amangoyesa ngati chishalo chikugwira. Pasiwedi ndasintha dzulo lomwelo."

Namzeze anamuyang'ana m'maso monga ananenera azakhali. Munalibe bodza, munali manyazi okhaokha. Koma zimenezo sizinamuziziritse mtima.

"Mtsikana amakugwirira ntchito maola makumi anayi chifukwa cha chifundo? Iwe ndi iyeyo munali chiyani?"

"Palibe. Chaka chatha abwana ankaponya mawu, kuti shopuyi ikufuna mkamwini wodziwa mafiriji. Ine ndinakana mwaulemu. Ndimayesa zinatha."

"Umayesa. Ine ndikuika mutu wanga pa njanji chifukwa cha iwe, mpaka kuba mapepala m'bokosi la bambo anga, iwe uli apa ukugawa makiyi ako kwa akazi amene unawakana."

"Mapepala ati?"

"Usayambe."

"Ndikufunsa zoona. Mapepala ati?"

"A kubadwa. Ndinakuuza Lolemba masana, iwe n'kunena kuti ndachita bwino, n'kufunsanso kuti ndawabisa..."

Kabawi anali atatsegula kukamwa, nkhope itatuwa.

"Namzeze, ine masana sindinalowepo m'gemu ngakhale tsiku limodzi."

Basi inadutsa mumsewu, ikuliza hutala. Namzeze anatsamira firiji yakale ija. Mlatho uja wowoloka osatembenuka. Kudumphadumpha kuja. Mafunso aja, limodzi limodzi, ngati munthu wosenda chipatso mosamala. Masiku asanu ndi atatu anakhala pa masitepe a kuseri kwa shopu, akumwetulira foni, akukhuthula mtima wake wonse m'manja mwa zikhadabo zofiira.

"Unamuuza chiyani?" anafunsa Kabawi motsitsa mawu.

"Zonse. Za Lachitatu. Za mapepala. Za dzina limene timawatchula bambo. Ndi geti lathu."

"Koma manong'onong'o amafufutika munthu akatuluka."

"Foni yake ilibe kamera?"

Analowa m'shopu onse awiri, Kabawi patsogolo. Pa kauntala panalibe munthu. Chingamu chinali chitamatidwa pakona pa tebulo, mpando ukadali wofunda. Bwana mwini anasuzumira kuchokera m'kaofesi kake, pensulo ili kukhutu.

"Mukufuna mwana wanga? Wangotuluka kumene. Wasindikiza timapepala take apa, wandithera inki, n'kupempha envulopu. Akuti akukapereka kalata kwa mphunzitsi wina wake." Anayang'ana Namzeze, kenako Kabawi. "Amisiri, firiji ya ku butchala ija yayambanso kudontha. Alendo muzicheza nawo Lamlungu."

Panja Kabawi anafuna kumugwira dzanja, koma ataona girisi anabweza.

"Ndipite nawe. Ndikawauze ndekha kuti wolakwa ndine."

"Ukawauze kuti chiyani? Kuti unapereka dzina lako kwa mkazi wina kuti azilivala masana? Ndiye zimene akhala akunena chiyambire, kuti kuseri kwa kagalasi kungakhale aliyense."

"Nanga Lamlungu?"

"Sindikudziwa. Mtima wanga sunakukhululukire, ndipo sunakutaye. Usandiimbire, ndikuimbira ndine."

Anayenda masitepe angapo, n'kutembenuka.

"Mkanda uja sufufutika ndithu?"

"Ndafunsa eni ake. Akuti ayi. Njira ndi imodzi yokha, kuimasula mbalameyo ipite, n'kuyambanso ndi dzira. Chilolezo chimapita nayo."

"Ntchito makumi asanu ndi limodzi kuyambira pachiyambi?"

"Ndaimasula kale m'mawa uno," anatero Kabawi. "Ndili pansi ngati iwe. Kumbuyo kwako, kunena zoona."

Mawuwo anakwera basi limodzi ndi Namzeze.

* * *

Anayesa kupempha kuti aweruke msanga, koma mwini shopu ya makatani anali ndi oda ya hotela, sanafune kumva. Anaimbira azakhali katatu, foni inangolira. Anafika pa geti lobiriwira 6 koloko itatsala mphindi khumi, n'kupeza lili lotsegula, kiyi akulendewera pa loko. Chibadwire chake anali asanaonepo kiyi ameneyo kunja kwa thumba la bambo ake.

Pabalaza nyale inali itayatsidwa ngakhale kunja kunali kukadawala. Bambo anakhala pa mpando wawo, magalasi kunsonga kwa mphuno. Patebulo panali kabokosi kachitsulo kali chitsegukire, pambali pake envulopu yong'ambidwa, ndi mapepala asanu ndi limodzi atayalidwa mwadongosolo ngati mayeso oyembekezera kuchongedwa. M'mizere ina munali mutadutsa kale cholembera chofiira. Panalinso makapu awiri a tiyi, imodzi ili ndi chidindo cha milomo m'mphepete.

Azakhali anaima pakhomo la kukhitchini, manja atapinda pachifuwa. Anamuyang'ana Namzeze n'kupukusa mutu pang'ono. Za mapepala a kubadwa anali atazimvera kwa mlendo, ndipo zinaoneka kuti zawapweteka kuposa mawondo aja.

"Bambo, ndikhoza kufotokoza."

"Khala pansi," anatero bambo, mawu ali ofatsa moopsa. "Chimlonda cha Pachipata chili ndi mafunso atatu. Ndamva kuti ndi mmene chimachitira."

Namzeze anakhala m'mphepete mwa mpando.

"Loyamba. Mawindo a Lachitatu aja, onse ali pa siteji ya basi?"

"Inde, bambo."

"Lachiwiri. Mapepala ako ali kuti?"

"M'thumba la pilo wanga."

"Ukawatenge tikatha. Ndi ako, ukanapempha ndikanakupatsa. Mayi ako ndi amene anawaika m'bokosimu ndi manja awo." Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi ngodya ya malaya. "Funso lachitatu si lako. Mtsikana wabwera kuno masana ano, waulemu wake, wagwada mpaka pansi. Akuti mnyamata wakoyo ndi wake, anapangana kalekale, bambo ake akudziwa, ndipo dzina lake analilemba pa chinthu china chake chosafufutika. Akuti mauthenga awa anamuonetsa yekha mnyamatayo, akukuseka."

"Ndi bodza, bambo. Iyeyo ndi amene..."

"Ndaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zisanu. Ana awiri akabwera ndi nkhani ziwiri, sindimvera mmodzi kuseri kwa mnzake."

"Achimwene," anatero azakhali, "ngati mukuletsa za Lamlungu, ingonenani, mwanayu akalire bwino kuchipinda."

"Ndani wati ndikuletsa? Malaya ndasita kale." Bambo anasonkhanitsa mapepala aja, n'kuwagogoda patebulo kuti alingane, n'kuwabwezera mu envulopu. "Umuuze mnyamata wako abwere 2 koloko monga tinapangana. Achemwali, mudzakonze mipando isanu ndi umodzi. Mtsikana uja ndamuitananso, ndipo akuti abwera ndi bambo ake."